Dazi la a Omari mu Gemu Yakale

Inu amene mukufuna mawu okulimbikitsani, mverani nkhani iyi, koma ndineneretu kuti ine imandipsetsa mtima mpaka lero.

Lawson wa ku Chipoka anatha sabata yathunthu m'kashopu kake ka magemu akungoyang'ana mabenchi opanda anthu. Anali mwana wamasiye, mayeso a Fomu 4 anamukana kawiri, ndipo njinga yake ya kabaza anali atangoigulitsa kuti agule gemu ya mpira yotuluka chaka chimenecho. Aka kanali kachitatu kugula. Chaka chilichonse wogulitsa wa ku Lilongwe ankamuuza zomwezo, zoti yakaleyo yatha fasho, makasitomala amuthawa.

Mchemwali wake Eveles anafika pakhomo manja ali m'chiuno.

"Iwe Lawson, wagulitsa njinga kuti ugulire azungu a pa sikirini malaya atsopano?"

Eveles sankanama. Gemuyo inali yomwe ija, kathamangidwe komweko, zigoli zomwezo, kungosintha majezi ndi kusamutsa osewera matimu. Inkafunanso intaneti, bandulo n'kumangosungunuka. Komanso anaigula mu Epulo, pomwe chilumba cha Mbenji chimatsegulidwa kuti usodzi uyambe, asodzi ambiri omwe ankasewera pake n'kupita komweko. Anthu ogulitsa chinthu chimodzimodzi katatu kwa mwana wamasiye amandinyansa, sindibisa.

Tsiku lina kunabwera a Omari, siginala wodziwika, uja amatsogolera bwato ndi nyali posaka usipa. Anali atatsika ku Mbenji kudzaona banja. Anasewera pang'ono n'kuponya padi yoseweretsa gemuyo pa benchi.

"Wallahi mphwanga, akupusitsa! Mzungu uyu chaka chatha anavala zofiira, lero wavala zoyera. Chatsopanocho n'chiti?"

Anatuluka akuseka, ndipo pofika masana gombe lonse linali litamva.

Lawson magazi anawira. Anachotsa yatsopanoyo, anabwezeramo yakale, n'kulowa posinthira mayina ndi nkhope za osewera, pomwe zaka zonsezi sanalowepo. Anapanga wosewera wadazi, wamimba, wothamanga ngati wasenza thumba la chimanga, kumsana n'kumulemba kuti OMARI. Cholinga chinali kunyoza basi.

M'mawa mwake a Omari, atamva za wosewera wadaziyo, anatulukira atalusa. Anayang'anitsitsa sikirini kwa nthawi yaitali, Lawson akuyeza mtunda wokafika pakhomo.

"Dazilo ndi langa, sindikukana. Koma anakuuza ndani kuti sindithamanga? Konza miyendoyo! Nanga alovi anga, okoka nane ukonde, ali kuti? Ndizisewera ndekha?"

Apa m'pamene mutu wa Lawson unatseguka. Kuyambira tsiku limenelo ankayenda m'gombe ndi foni, kujambula nkhope za asodzi. Bwato lililonse linakhala timu, dzina lake lomwe lija linalembedwa ndi penti pabwatopo. Sinali ntchito yamasewera. Kawiri konse magetsi anathima asanasunge, ntchito ya tsiku lonse n'kufufutika. Anatukwana, analira, n'kuyambiranso. Wina ankabwera kudzakalipa kuti mphuno yake yakula kwambiri, wina ankafuna ndevu zomwe alibe. Lawson ankakonza, miyezi n'kumapita, shopu ikungomudyetsa movutikira.

Mu Disembala, Mbenji itatsekedwa, asodzi anabwerera, ligi ya mabwato n'kuyamba. Anthu ankachita kusuzumira pawindo. Mlovi amene dzina lake silinalembedwepo pena paliponse ankaliona kumsana kwa jezi, atagoletsa, anzake akukuwa.

Chaka chotsatira munthu wina wa ku boma anadzatsegula shopu tsidya lina la msewu, sikirini yaikulu ngati chitseko, gemu yotuluka kumene. Lawson anaona a Omari akulowa mmenemo, alovi awo onse pambuyo. Anaima pakhomo pake akumvetsera, akudziwa kuti akapita amenewa, shopu yatha.

"Achimwene," a Omari anafunsa mwini shopu yatsopanoyo, "mu gemu yanuyi ine ndilimo?"

"Ayi bambo, muno muli akatswiri enieni a dziko lonse lapansi."

"Ndiye aitaneni amenewo adzasewere okha."

Onse anawoloka msewu, a Omari n'kukhala pa benchi ya Lawson, kutambasula dzanja kuti awapatse padi.

Anzanga, musanathamangire chomwe angotulutsa kumene, tsegulani chakale chanucho muone zomwe simunazikhudzebe. Akakusekani, kwiyani ndithu, ine sindikuletsani, koma mkwiyowo pitani nawo kuntchito. Mtima wanu usagwe pansi.