Udoni Wotendera

Paketi yake inali yapulasitiki, yoonekera mkati, udoni utapindana ngati chingwe choyanikira zovala. Kumbuyo analemba kuti mphindi ziwiri m'madzi owira. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'nyengo yozizira, ku Braunstone, kudziko la Angelezi.

Udoni ndi chakudya cha ku Japan: ufa watirigu, madzi ndi mchere, wonenepa kuposa supageti. Aphunzitsi anatiphikitsa kusukulu, n'kuthira msuzi wa soya. Nthawi imeneyo ndinali nditasiya kudya za pakhomo. Mtsikana wina m'basi anati jekete langa likununkha usipa, ndipo kuyambira tsiku lomwelo ndinkadzitsekera kuchipinda ndi buledi.

Amayi sanakalipe. Anangofunsa chimene ndingadye. Ndinatchula udoni poganiza kuti saupeza. Ataweruka shifiti ya maola khumi ndi awiri, anakwera mabasi awiri kukafika kusitolo ya zakudya za ku Asia, n'kubwera ndi mapaketi anayi.

Mphindi ziwiri zija sanazikhulupirire. "Chosapsa chimatsegula m'mimba," anatero, n'kuusiya pamoto mphindi makumi awiri. Anathira tomato ndi anyezi, kenako nsinjiro, poti kwawo ku Dedza ndiwo zophikira munthu amene umamukonda zimatenderedwa. Udoni unafewa mpaka kudukaduka, khitchini yonse ikununkhira mtedza.

Ndinalawa kamodzi. Zinali zokoma, lero ndikuvomereza. Koma ndinakankha mbale n'kuwauza m'Chingelezi kuti aphunzitsi sanaphike choncho.

Ulendo wachiwiri anachepetsa nsinjiro. Wachitatu anaisiya. Wachinayi anatsatira paketi ndendende, foni ili pambali kuwerenga mphindi. Ndinakana maulendo onse anayi. Pomalizapo ndinalibe chifukwa chilichonse, kukanako kunali kutangondilowerera.

Lamlungu lina amalume anabwera kuchokera ku Corby, n'kupeza mbale ziwiri zovundikira m'firiji, yanga ndi ya amayi.

"Achemwali, musiyeni ameneyu, njala imuphunzitsa."

"Kuno mwana sakakamizidwa, achimwene."

Amalume anandiyang'ana. "Iwe, mayi akowa sukuwaona mmene lamba wawathera mabowo?"

Ndinakwera kuchipinda. Paketi yachisanu sinagulidwe. Amayi anayamba kundisiyira buledi ndi mazira patebulo, ndipo tinkadya padera mpaka pamene ndinachoka kupita kuyunivesite.

Masiku a udoni aja, mbale ziwirizo ndinkaziona tsiku lililonse, ndipo ndinkasangalala nazo. Ndinkati nawonso zawakanika kudya, ndiye kuti wolondola ndine. Sindinkadziwa kuti amayi analeredwa kuti mayi sadya mwana asanadye. Ankamwa tiyi yekha n'kugona. M'mawa ankapita kunyumba yosamalira okalamba kukadyetsa makolo a eni ndi supuni, ndipo kumeneko wina akakana chakudya ankadikira pang'ono n'kuyesanso. Ine anandiyesa kanayi.