Keke, Matiresi ndi Liwiro la Alamu Anga

Tinanyamuka pa Bembeke hafu pasiti seveni m'mawa, Loweruka lina mu Julaye, nkhungu itakuta msewu moti amayi ogulitsa kabichi m'mbali ankaoneka ngati zitsa. Ukwati wa Tadala, mwana wa malemu achemwali athu, unali wa naini koloko ku tchalitchi ku Kabwazi. Ola ndi theka ndi nthawi yambiri pa mtunda umenewo. Munthu woyenda mwaulemu amafika n'kupeza mpata wopukuta nsapato.

Koma pa chiwongolero panali alamu anga a Maseko, amuna a mng'ono wanga Agnesi. Iwowa anayendetsa malole a matabwa kuchokera m'nkhalango ya paphiri la Dedza kwa zaka zambiri, ndipo atagula galimoto yawoyawo ya siyenta anatsimikiza mtima kubweza nthawi yonse imene anataya akukwawa ndi matabwa m'zitunda. Agnesi anali atatsogola kale Lachinayi kukathandiza zophika. Pampando wakutsogolo panakhala achimwene athu aakulu a Benedikito, amene aliyense amangowatchula kuti a Katekisiti. Ndiwo anali ankhoswe a Tadala, ndipo popanda iwo ukwati sukanadalitsidwa. Ine ndinali kumbuyo, nditafungatira keke ya nsanjika zitatu imene ndinaiphika masiku awiri. Kumbuyo kwanga kunali matumba a kabichi ndi kachewere mpaka kudenga. Pamwamba pa galimoto panali mphatso yathu ya abale onse, matiresi atsopano a mainchesi sikisi, ali m'pepala lake la pulasitiki. Alamu anawamanga okha ndi zingwe ziwiri za mphira.

"Alamu, zingwe ziwiri zokhazi zikwana?" ndinafunsa.

"Ndamangapo matabwa odzaza lole, alamu. Inu samalani kekeyo, zamsewu mundisiyire ine."

Tisanapite patali anayamba kutiphunzitsa. Anati pamsewu uno munthu wopatsidwa chindapusa cha liwiro ndi wogona basi. Iwo chiyambire kuyendetsa sanalembedwepo. Malo onse amene apolisi amabisala ndi kamera yawo amawadziwa, mtengo ndi mtengo. Kuonjezera apo, madalaivala ndi pachibale: mnzako wochokera kutsogolo akakuphethirira magetsi, ndiye kuti akulu akulu ali pafupi, tsitsa phazi.

"Nanga bwanji osangoyenda liwiro lolembedwa pa chikwangwanipo?" anafunsa a Katekisiti.

"Zikwangwani n'za ophunzira, a Katekisiti."

Muvi wa liwiro unali utangodutsa pa 100 pamene minibasi yochokera ku Dedza inatiphethirira magetsi. Dalaivala wake anatulutsanso mkono pawindo, akuukupiza chotsitsa. Alamu anaponda buleki, keke n'kundigunda pachifuwa.

"Mwaona? Ubale umenewo!"

Tinatsika kufika pa 40. Inabwera lole ya simenti, magetsi phethi phethi. Inabwera pikapu ya mbuzi, anthu a kumbuyo onse akuloza ndi kukuwa mawu amene mphepo inawatenga. Ngakhale bambo wina wa panjinga yakapalasa anasiya chogwirira n'kutikupizira manja onse awiri.

"Lero ndiye achuluka," anatero alamu, nkhope ili ngwee. "Ayenera kuti abwera ndi abwana awo ochokera ku Lilongwe."

Tinakwawa choncho mtunda wonse mpaka pa mphambano yolowera ku boma la Dedza. Agalu ankatiperekeza n'kutopa ndi kuchedwa kwathu. Pokhota paliponse alamu ankati, "Ali apa," n'kukonza lamba, kuwongola khosi ngati wophunzira pa tsiku la mayeso. Tikakhota tinkapeza mitengo ya paini yokhayokha ikudontha mame. Pa malo omwetsera mafuta tinaima kuti athire a K20,000, ine n'kugula zitumbuwa zitatu za K200 chimodzi kwa mayi wina amene anasuzumira pawindo. Mayiyo anayang'ana pamwamba pa galimoto n'kunena kuti, "Koma katundu wanuyu..." Alamu anali ataliza kale injini. Nthawi inali teni pasiti eyiti.

Titapitirira tauni, pali malo ena otsetsereka pamene pali mtengo waukulu wa bulugamu. Alamu anati amenewo ndiwo malo enieni, likulu la kamera. Tinafikapo mwaulemu ngati tikuperekeza maliro. Pansi pa mtengopo panali mbuzi ziwiri.

"Apita kukamwa tiyi," anatero alamu. "Tsopano gwirani keke."

Anakweza wailesi, kwaya ikuimba, n'kuponda. Patangopita kanthawi tinamva kuti phuu pamwamba, galimoto n'kupepuka ngati yatula nkhawa.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa a Katekisiti.

"Mphepo ya Dedza imeneyo. Simukuidziwa?"

Chodabwitsa, kuyambira pamenepo palibe galimoto inatiphethiriranso. Alamu anati umenewo ndi umboni woti kutsogolo n'koyera. Nkhungu inali itayamba kubalalika, minda ya nyemba yokololedwa kale ikuoneka uku ndi uku, mapiri a miyala atatulukira patali. Ndikanasangalala nazo, koma maso anga anali pa nsanjika yapamwamba ya keke, imene inkagwedera ngati mutu wa munthu wosinza m'tchalitchi.

Pa chitunda china tinatsekeredwa ndi lole ya matabwa, ikufuka utsi ndi kubuula. Alamu anaitukwana pang'ono, kuiwala kuti ndi ntchito yawo yakale. Tili pambuyo pakepo tinamva hutala ya njinga yamoto, pii pii pii, osalekeza. Galasi lapakati linali lotsekedwa ndi kabichi, choncho alamu anasuzumira pa galasi lam'mbali, limene linali long'aluka pakati.

"Mayo! Jekete yachikasu yonyezimira. Ndi wapolisi wa panjinga!"

"Ndiye imani," anatero a Katekisiti.

"Ndiime? Sanandiimike ndi dzanja. Malamulo amati dzanja. Hutala si dzanja."

Anatulukira kumanja, kuipitirira lole ija pamalo pamene ine sindikanapitirira ngakhale ngolo. A Katekisiti anatulutsa kolona m'thumba. Ine ndinatsamira keke ndi chibwano. Hutala ija inamveka kutali, kenaka inazimirira. Kutsogolo kunabwera kagalimoto koyera, n'kutiphethirira magetsi kawiri, modekha.

"Alamu, akuphethira," ndinatero.

"Atinamiza kokwanira lero. Sindipusitsidwanso."

Chikwangwani cha 50 cholowera pa Linthipe ndinachiona ngati mbalame yodutsa. Kenaka pakati pa msewu panatulukira dzanja lenileni, lovala golovesi yoyera.

Buleki amene anapondedwa pamenepo sindidzamuiwala. Thumba la kachewere linandigwera pamsana, zitumbuwa zinauluka, ndipo nsanjika yapamwamba ya keke inachoka pa zinzake n'kudutsa pakati pa mipando, kukatera pa phewa la jekete yakuda ya a Katekisiti. Tinaima. Kwaya yokha ndiyo inapitiriza kuimba.

Wapolisiyo anali mayi wamfupi, wa nkhope yofatsa ngati namwino wa kusikelo ya ana. Anafika pawindo osafulumira.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Zimitsani wailesi. Laisensi."

"Tadzuka bwino, bwana. Kaya inu, bwana? Kuzizira, bwana."

"Kukuziziradi. Mukudziwa kuti mumathamanga bwanji?"

"Mwina 60, bwana. Muvi wangawu umanama nthawi zina."

Mayiyo anaitana mnzake amene anali ndi kamera pa miyendo itatu kuseri kwa chikwangwani cha sitolo. Anawaonetsa alamu chithunzi: siyenta yathu, nambala yake yooneka bwino, pansi pake 104.

"Galimoto yanu imajambulika bwino," anatero mayiyo.

Apa alamu anatsitsa mawu, nkhope n'kugwa. "Bwana, kunena zoona, tili ndi matenda. Akuluwa adwala mwadzidzidzi. Shuga. Tikuthamangira kuchipatala."

Mayiyo anawerama n'kuyang'ana a Katekisiti, amene anali ndi kirimu kuyambira paphewa mpaka kukhutu.

"Shuga ndikumuona," anatero. "Bambo, mukudwala?"

A Katekisiti akhala akuphunzitsa ana malamulo khumi kwa zaka makumi atatu. Anayang'ana alamu, anayang'ana kolona m'manja mwawo.

"Mwanawe, ine ndili bwinobwino. Tikupita ku ukwati ku Kabwazi. Bamboyu wathamanga, ndipo ndinamuuza. Chipatala tachisiya kumbuyo ku Dedza."

"A Katekisiti!" analira alamu.

"Ndikalandira Ukaristiya naini koloko, alamu. Simundinamitsa kotala tu naini."

Mayiyo anali atayamba kulemba pamene hutala ija inamvekanso. Pii pii pii. Alamu anagwira mutu. Njinga yamoto inaima pambuyo pathu, ndipo amene anatsika sanali wapolisi ayi. Anali bambo wa kabaza, wa ndevu za imvi, atavala jekete yachikasu imene akabaza onse amavala. Kumbuyo kwa njinga yake, atawapinda pakati n'kuwamanga ndi chingwe, kunali matiresi a Tadala.

"Akulu inu!" anakuwa akuvula chipewa. "Ndakuthamangitsani kuchokera kumtunda kuja! Matiresi anuwa anauluka n'kundiphonya pang'ono, akanandivala kumutu. Ndikuimba hutala, inu mukuthawa. Mumathawa chiyani?"

Alamu anatuluka n'kuyang'ana pamwamba pa galimoto. Panali zingwe ziwiri za mphira zikulendewera.

"Chichokereni ku Bembeke matiresiwa anali ataimirira ngati tanga ya bwato," anawonjeza dalaivala wina wa minibasi amene anaimitsidwa patsogolo pathu. "Ndinakupitirirani pa boma paja ndikukulozerani. Aliyense amakuuzani. Mumangogwedeza mutu ngati nduna."

Mayi wapolisi anasiya kulemba. Anayesa kudzigwira, koma mapewa ankagwedezeka. Mnzake wa kamera anachita kukhala pansi pa mwala.

"Ndiye mumathawa ndani, bambo?" anafunsa mayiyo atapukuta misozi.

Kenaka mayiyo anapitiriza:

"Za katundu womanga mosasamala ndikukhululukirani, chifukwa mwalangidwa kale pamaso pa anthu. Koma za liwiro ayi. Apa m'mawa uliwonse pamawoloka ana a sukulu ndi amayi opita kuchigayo. Pa 104 simukanaima."

Ananena mosakweza mawu, ndipo kuseka kunatha. Ndinayang'ana kutsogolo. Panalidi anthu akuwoloka ndi madengu pamutu, wina akukoka mbuzi, kamtsikana kakuthamangira amayi ake osayang'ana mbali iliyonse.

Alamu analowetsa dzanja m'thumba lam'kati n'kutulutsa envulopu imene anasungira perekaniperekani, ndalama zatsopano zimene anakasintha kubanki kuti akavine nazo pamaso pa anthu. Analipira pa tebulo limene linali pansi pa mtengo, n'kulandira lisiti. Wa kabaza anapempha K5,000 ya mafuta. A Katekisiti anati apatsidwe K7,000 pamodzi ndi chitumbuwa chimene chinapezeka pansi pa mpando, ndipo ndalamazo zinachokeranso mu envulopu yomweyo. Bamboyo anatithandiza kumanga matiresi ndi chingwe chake, mfundo zinayi, akufotokozera alamu pang'onopang'ono mmene amamangira katundu. Alamu, amene anamangapo matabwa odzaza lole, ankangoti, "Inde, bambo. Zikomo, bambo."

Tinachoka pa Linthipe faifi tu naini, n'kukhotera kumanzere msewu wa ku Lobi. Alamu anayendetsa ngati anyamula mazira. Ine ndinali nditatola nsanjika ija n'kuiika m'mbale ya pulasitiki, ndikupukuta jekete ya achimwene ndi mpango wonyowetsa ndi madzi akumwa. Kirimu anachoka, koma fungo la vanila linatsala.

Tinafika ku Kabwazi hafu pasiti naini. Anthu anali atadzaza panja pa tchalitchi, kwaya itabwereza nyimbo yolowera kanayi. Tadala anali m'galimoto ya maluwa, maso ofiira, akuganiza kuti atsibweni ake achita ngozi. Atawaona anatuluka n'kuwakumbatira osasamala za diresi.

"Atsibweni, mukununkhira keke," anatero akulira ndi kuseka pamodzi.

Misa ili m'kati, ine ndinabisala m'kalasi ina ya pasukulu ndi mpeni wa patebulo. Nsanjika yophwanyika ndinaidula tizidutswa n'kugawira ana a kwaya pambuyo pake. Ziwiri zotsalazo ndinazisalaza, pamwamba n'kuikapo maluwa amene ndinathyola pa mpanda wa masisitere nditapempha. Anthu anati keke ya nsanjika ziwiri ndiyo yamakono.

Alamu anandinong'oneza pa khomo la holo kuti, "Alamu, zapamsewu zija zithere pamsewu. Agnesi asamve." Ndinalonjeza. Koma sitinawauze a Katekisiti, amene poyankhula monga ankhoswe analangiza mkwati ndi mkwatibwi kuti banja silifuna liwiro, n'kupereka chitsanzo chonse, kuyambira pa Bembeke mpaka pa nambala ya 104. Holo inagwa ndi phwete. Itafika nthawi yoti a Maseko avine perekaniperekani, anavina nyimbo yonse ndi K500 imodzi, akuikweza m'mwamba osaiponya mpaka ng'oma yomaliza.

Paulendowu ndinaphunzira kuti munthu amene maso ake ali pa apolisi saona china chilichonse, ngakhale msewu wonse ukumukuwira za katundu wake yemwe. Tinathamanga kuti tipulumutse mphindi zisanu, tinataya makumi atatu, ndipo zikanatha kuipa kuposa apo.

Lamulungu masana, tikukonzeka kubwerera, alamu anapita ku chitseko cha dalaivala monga mwa nthawi zonse. Anapeza Agnesi atakhala kale pampandopo, akuusendeza kutsogolo. Agnesiyo anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa laisensi imene anaitenga zaka zitatu zapitazo, yosagwirapo ntchito chifukwa amuna ake ankati iye ndi wamantha.

"Makiyi, bambo a Chikondi," anatero kwa amuna akewo atatambasula dzanja. "Inu khalani kumbuyo. Mugwire mapoto."