Achemwali pa Chinsalu cha Kanema

Ndili pabwalo la sukulu yathu yakale, galimoto ya kanema yafika ngati masiku aja. Chinsalu choyera achimangirira pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu. Ndili ndi imvi zangazi, koma ndavala kabudula wa yunifolomu.

Pachinsalupo pakuoneka malemu achemwali anga, amene ankandinyamula paphewa kuti ndizionera bwino. Akundiyang'ana ine, akulankhula, koma mawu sakumveka.

"Kwezani mawu, bambo, chonde!" ndikukuwira mkulu woyendetsa makina.

"Mafuta akutha mujenereta," akuyankha choncho basi.

Mphepo yayamba kukoka chinsalu. Ndagwira ngodya imodzi, inayo yaduka chingwe. Ndikupempha anthu kuti andithandize, koma aliyense wawerama pafoni yake, nkhope zawo zikuwala buluu. Mdzukulu wanga nayenso ali pomwepo.

"Agogo, musavutike, ndikutumizirani pafoni," akutero osadzutsa mutu.

"Utumiza chiyani iwe? Ndi achemwali anga awa! Gwira uko!"

Nkhope yawo ikupindika ndi mphepo, pakamwa pakuyendabe. Jenereta ikutsokomola, kenako yazima.

Ndadzuka kutulo, ndipo mpaka pano sindikudziwa chimene amafuna kundiuza.