Malikisi a Tsiku la Maliro

M'chaka changa chomaliza ku yunivesite, aphunzitsi anatigawa m'magulu n'kutituma kumidzi ya ku Sinda kukafunsa alimi momwe amasungira mtedza. Wolephera kosi imeneyi ankabwereza chaka, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

Gulu lathu linali la ana a m'tauni, wa kumudzi, ku Vubwi, ndinali ine ndekha. Titafika pamudzi tinapeza maliro. Anzanga anayamba kusolola mapepala a mafunso ngati kulirako sakukumva. Ndinawauza kuti pamudzi pakagwa zovuta munthu safunsa za mtedza, tikhale kaye pansi.

Mtsogoleri wathu, wansapato zoyera zoopa fumbi, anandiyang'ana. "Iwe, tilibe time. Si wachibale wako uyu."

Anakwera minibasi onse kubwerera ku Katete kukadya tchipisi. Ine ndinamanga chitenje, ndinakhala ndi amayi pasiwa, ndinatunga nawo madzi, ndinaperekeza mpaka kumanda.

Titabwereranso pamudzipo, amayi aja anandizindikira. Anatiyalira mphasa, anatitsegulira nkhokwe zawo, anationetsa ngakhale mtedza wochita chuku, umene munthu saonetsa mlendo. Ankayankha akuyang'ana ine, anzangawo akungolemba.

Lipoti lathu linayamikiridwa kwambiri. Koma aphunzitsi anali ndi njira yawo yogawira malikisi: aliyense ayese ntchito ya anzake mobisa, ati kuti alesi asamadyere anzawo masuku pamutu. Anzanga aja anapangana, onse analemba kuti ine ndinathawa ntchito tsiku loyamba. Anthu amene anakadya tchipisi ndiwo anandiyesa mlesi. Ndikakumbukira, mpaka lero mtima umandiwawa.

Nditaona kuti ndalephera kosi chifukwa cha zimenezo, ndinapita ku ofesi ya aphunzitsi n'kuwafotokozera zonse.

"Tsiku limenelo munafunsa alimi angati?" anatero.

"Palibe, aphunzitsi. Kunali maliro."

"Womwalirayo anali m'bale wanu?"

"Ayi."

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani? Anzanu onse sanganame."

Sanafunse kuti nkhokwe zinatseguka chifukwa cha yani. Njira yawo sinkayesa ntchito, inkayesa kuti ambiri agwirizana chiyani, ndipo ine ndinali mmodzi.

Anzanga anavala magauni chaka chomwecho, ine ndinabwereza. Ndipo chaka chotsatira, tsiku loyamba la kosi, aphunzitsi omwewo anagawira kalasi lipoti lathu kuti tonse tiphunzirepo kagwiridwe kabwino ka ntchito ya pagulu.