Mpunga Wovina pa Gitala ya Kwaya

Ine ndayenda, abale anga. Ndagulitsa nsapato ku Joni, ndapikula zitenje ku Dar es Salaam, ku Lusaka amandiitana ndi dzina. Magitala ndawaona m'masitolo a magalasi okhaokha. Koma ndikunena mosaphethira: magitala okongola kuposa onse, olira bwino pomwe, amapentedwa pa Ntcheu Boma, kuseri kwa msika, ndi munthu amene analephera Folomu 4 kawiri. Dzina lake ndi Tisunge.

Tsiku limene ntchitoyi inabadwa, msika wonse unkamuseka.

Tisunge anali wolemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera. Pa ntchito imeneyi lamulo ndi limodzi: penti wamafuta, wokhuthala, kupaka katatu, kuti mvula ndi dzuwa zisafufute. Ndiye atabwera Bambo Bizwell, mkulu wa kwaya ina ya ku Bwanje, ndi gitala imene anagula atagulitsa mpunga wa m'munda wa mpingo, Tisunge anachita zimene manja ake ankadziwa. Analemba dzina la kwaya, anajambula nkhunda ziwiri ndi ngala za mpunga, napaka katatu monga khoma. Malipiro ake anali ndowa ya mpunga, ndipo anali atalandiriratu.

Gitala inawala mpaka akabaza anaimitsa njinga kudzaona. Bambo Bizwell anaikumbatira, nakhudza nsambo. Mawu amene anatuluka anali ngati a munthu wachimfine akulankhulira m'bulangete. Anachuna nsambozo, anayesanso. Chimodzimodzi.

"Mwaipha, achimwene," anatero mkuluyo. "Bokosi lake mwakongoletsa ndithu, koma mwaipha."

Akabaza anagwa nako kuseka. Bambo Bizwell sanaseke. Anati gitalayo ndi thukuta la anthu makumi atatu, ndipo sangabwerere nayo kwawo. Anaisiya pabenchi, nanena kuti pofika kukolola kwina Tisunge akhale atabweza ndalama zogulira ina, apo ayi akaonana kukhoti. Mbiri inathamanga. Kwa miyezi iwiri palibe anamupatsa ngakhale chitseko choti alembe.

Koma chimene chinkamuzunguza mutu Tisunge chinali funso. Penti sanakhudze nsambo, bowo la pakati sanalitseke, nanga mawu anathawira kuti? Wokonza mawailesi anamuuza kuti mwina ndi chinyezi. Sumani, amene ankamugulitsa penti, anamulangiza kuti angoigulitsa kwa a malo ogona alendo akaikoloweke pakhoma ngati chithunzi. Tisunge anakana. Anatola chidutswa cha botolo losweka n'kuyamba kupala penti mbali imodzi, pang'onopang'ono, mpaka thabwa linaoneka.

Masana ena ankasankha mpunga wa m'ndowa ija, gitala ili chagada pabenchi. Timbewu tina tinagwerapo. Pofuna kutisasa, chala chake chinakola nsambo yaikulu. Mpunga umene unali mbali yopalidwa unadumpha. Wa mbali ya penti unangokhala phee.

Anakolanso. Unadumphanso.

Tsiku limenelo sanaphike. Anawaza mpunga pagitala ponse, akukola nsambo imodziimodzi, akulemba ndi choko pamene ukuvina kwambiri ndi pamene ukungogona. Apa m'pamene anazindikira kuti choimba si nsambo zokha. Thabwa la pamwamba limanjenjemera ngati chikopa cha ng'oma, makamaka pozungulira kathabwa komangapo nsambo, ndipo iye anali ataliveka chikhoti cholemera. M'mphepete ndi m'mbali mpunga sunkavina kwenikweni. Kumeneko ndiye kunali koyenera maluwa ndi malemba. Pamimba pa gitala pankafunika penti wosungunula kwambiri, kamodzi kokha, wopyapyala ngati mpweya pagalasi.

Anayesa pa mabanjo a zigubu a oimba a mumsika, ulere. Ena anawaononga, napepesa ndi chipisi. Anapitiriza.

Kasitomala woyamba anali Veronica, woimba nyimbo zauzimu wa ku Kasinje, amene anabwera kudzalembetsa chikwangwani, gitala ili kumsana. Tisunge atapempha kuti aipente, mayiyo anaigwiritsitsa, nati za ku Bwanje anazimva.

"Tithire mpunga tsopano, muone mmene ukuvinira," anatero Tisunge. "Ndikapenta tithiranso. Ukakana kuvina, musandilipire, ndipo mukandilengeze patchalitchi."

"Ndikakulengezani ndi nyimbo yomwe," anayankha Veronica.

Patatha masiku asanu mpunga unavina pamwamba pa mapiri obiriwira ndi mbalame zachikasu zimene Tisunge anajambula pagitala yake. Veronica anajambula kavidiyo pafoni, ndipo kanayenda pa WhatsApp kuposa minibasi za pa M1. Anayamba kubwera a makwaya, kenako a mabandi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena kungotumiza magitala ndi makondakitala. Mpaka lero pabenchi pake, pambali pa maburashi, pamakhala kambale ka mpunga, ndipo gitala siituluka isanayesedwe mwini wake akuona. Ine kumene ndayenda konse sindinaonepo sitolo yopereka umboni wotere.

Mpunga utacha ku Bwanje, Tisunge anatsikira kuchigwa pa kabaza, gitala ija ili pamsana, ataipala yonse n'kuipentanso mwatsopano. Anapeza kwaya ikuyeserera pansi pa mtengo wa mango. Bambo Bizwell anailandira mokayika, nakhudza nsambo. Azimayi a alito anasiya kucheza. Mkuluyo anaimba ndime yathunthu, kenako anafunsa ngati inalidi yomwe ija, ndipo anati ngati ndi choncho za ndalama zithere pomwepo.

"Ayi, bambo," anatero Tisunge. "Chaka chonse mwaimba ndi manja okha chifukwa cha ine. Ndiponso sukulu imene ndinakhoza ndi gitala yanuyi. Fizi ndiyenera kulipira."

Inu amene mwaononga chinthu ndipo anthu akukusekani, musafulumire kuchitaya kudzala. Khalani nacho pansi, muchifunse chimene chalakwika, mufunsenso mawa. Osataya mtima, yankho likhoza kukhala m'ndowa imene muli nayo kale m'nyumba.

Tisunge anasiya gitala m'manja mwa Bambo Bizwell, natulutsa envelopu. Msungichuma wa kwaya anawerenga pamaso pa onse: K140,000, osaperewera ngakhale kwacha imodzi.