Ngolo ya amalume ndi chitseko cha galimoto yathu

Nthawi ya Chitaganya, kwathu ku Lirangwe munthu wakuda wokhala ndi galimoto yakeyake anali wosowa, koma mwamuna wanga anali nayo. Inali yakale ndithu, yobiriwira, ya bodi kumbuyo, anabwera nayo kuchokera ku Halale kumene ankayendetsa malole a azungu. Ankanyamulira anthu chimanga, nandolo, nthawi zina maliro.

Kwawo kunali ku Chileka, makolo awo anachita kubwera kalekale kuchokera kwa Apwitikizi, koma ankakhala kwathu chikamwini, pamalo amene anawalozera amalume anga, eni mbumba yathu. Awiriwa sankagwirizana kwenikweni. Amalume ankati mkamwini asamakule mwendo, nanga uyu wakula mpaka matayala anayi. Ine ndinali mtsikana wamantha, mwana wanga woyamba, wamkazi, akadali woyamwa, ndipo ndinkangoyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku yoti yaona kabawi.

Tsiku la msika tinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteshoni. Bambo a mwana anapita kukalandira matumba a mchere amene ankabwera pa sitima, ine anati ndikhale pamthunzi ndiziyang'anira. Ndinakhala, mwana ali pabere, maso ali pa galimoto. Ndiye ndinaona ngolo ya amalume ikubwera, ng'ombe ziwiri, katundu tho, ikufuna kudutsa pakati pa galimoto ndi mtengo wina, ndipo mpata unalipo, akanadutsa bwinobwino, koma nthawi yomweyo sitima inalira, ng'ombe n'kudzidzimuka, n'kukhotera kumanzere. Chitsulo cha pagudumu chinakhula chitseko, kweee, penti n'kusupuka, chitsekocho n'kulowa m'kati ngati ndowa yogwera pamwala, kenako nyali yakumbuyo phwaa.

Amalume anaimitsa ng'ombe, anayang'ana chitseko, anayang'ana ine.

"Iwe, waona chiyani?"

"Ndaona, amalume."

"Sunaone. Umayamwitsa mwana."

Anakwapula ng'ombe n'kumapita.

Bambo a mwana atabwera anatula thumba pansi, anagwada pa chitsekocho n'kumachisisita ngati mwana wodwala. Sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunandiopsa.

"Amake mwana, ndani?"

Ndikanati sindinaone, zikanathera pomwepo, kaya. Koma anandisiya kuti ndiyang'anire, ndipo ndinayang'aniradi.

"Ndi ngolo ya amalume," ndinatero.

Galimotoyo anaidulira inshuwalansi ku Blantyre, ija yoti ikawonongeka a kampani amakonzetsa okha. Koma a kampaniwo ankafuna kaye kalata ya apolisi, ndipo apolisi salemba popanda dzina la wolakwa ndi mboni. Mboniyo ndinali ine. Komanso chaka chimenecho anthu ankatengedwa pamalole osadziwika kopita, ndipo amalume sankajomba kumisonkhano yokana Chitaganya. Dzina lawo kufika patebulo la wapolisi, ngakhale pa nkhani ya ng'ombe, sitikanadziwa kumene zikanathera. Ndipo mkamwini wotengera mwini mbumba kupolisi sagonanso pamudzipo. Banja langa likanatha.

Pobwerera kunyumba ankalankhula maso ali pamsewu.

"Kuwonongekaku si kwakukulu. Nyali ndingagule, chitseko angachiwongole wokhoma zidebe uja. Ndikapita kukampani galimoto ikagona kugalaja mpaka kalekale, ntchito itaima, chaka chamawa adzandikwezeranso mtengo. Zonsezo ndikuzidziwa. Koma munthu kugunda chinthu changa n'kumapita ngati wagunda chulu? Akapanda kubwera kudzanena okha, mawa m'mawa ndili kupolisi ku Chileka."

Ndinapita kwa amayi, iwo anati, "Izo n'za amuna, usalowemo." Ndinabwerera, ndinatsuka mbale zotsukatsuka kale, kenako ndinangozindikira ndabereka mwana ndili panjira ya kwa amalume, miyendo ikuyenda yokha.

Ndinawapeza kukhola akumasula ng'ombe. Ndinagwada chapatali.

"Akutuma akamwini?" anafunsa osandiyang'ana.

"Ayi, ndabwera ndekha."

"Wawauza?"

"Ndawauza."

"Mwana wa mlongo wanga, wondigulitsa chifukwa cha chitini choyenda! Unapita kusukulu kukaphunzira zimenezi?"

Ndinawafotokozera za inshuwalansi, za kalata ya apolisi, mawu akuthamangitsana. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

"Ndiye ukufuna ine ndikapepese kwa mkamwini? Munthu amene ndinamulozera pomanga nyumba, ndinamudulira munda? Apite kupolisiko. Akabwerako adzapeza mphasa yake ili panja."

Apa sindikudziwa chimene chinandigwira. Ine amene ndinkanjenjemera amalume akangotsokomola.

"Amalume, apolisi akandifunsa sindikanama, ndinabatizidwa ine. Koma sindifuna akakulembeni dzina. Ndipo mukawaikira mphasa panja, muikenso yanga ndi ya mwanayu. Tikwera galimoto yomweyo, ndikakhala chitengwa ku Chileka. Mdzukulu wanuyu akakulira kumeneko, ana ake adzabadwira kumeneko."

Anatembenuka. Mwini mbumba ulemu wake ndi anthu amene ali pamudzi, ndipo ana aakazi a amayi tinalipo awiri okha, mng'ono wanga ali wamng'ono zedi.

"Ukundiopseza, iwe mwana?"

"Ayi, amalume. Ndikuopa ine. Onani manja angawa."

Anawayang'anadi. Kenako anati, "Choka, ng'ombe zikufuna madzi."

M'mawa mwake bambo a mwana anavala jekete lawo, anathira madzi mu injini, anatenga hendulo yolizira. Ine ndinali pakhonde, mwana ali m'tulo pamiyendo, maso anga ali kunjira, kunjira, kunjira. Anaipukusa kamodzi, injini inangotsokomola. Akuti apukusenso, ndinaona chipewa cha amalume chikutulukira kuseri kwa nkhokwe, tambala wofiira ali m'khwapa.

Sanapite kwa akamwini awo. Anabwera pakhonde, anakhala pampando umene ndinawapatsa, anaika tambala womanga miyendo pafupi ndi mapazi a mwana, n'kuyamba kulankhula ndi khanda logonalo, mokweza kuti wapagalimoto amve.

"Iwe mdzukulu wanga, uwauze abambo ako kuti ng'ombe zanga zija zilibe nzeru. Sizinapite ku Halale. Zikamva sitima zimayesa mkango."

Bambo a mwana anaima, hendulo ili m'manja. Anabwera pang'onopang'ono, anavula chipewa, ananjuta mbali ina ya ine.

"Mwanawe, uwauze agogo ako kuti ng'ombe sindiziimba mlandu. Koma ng'ombe zili ndi mwini."

Amalume anakanda chibwano nthawi yaitali.

"Uwauze kuti mwini wakeyo ndi uyu wabwerayu. Analakwa kuchoka osanena. Tambalayo ndi wa pakamwa, wopepesera, za nyali tikambirana ndikagulitsa nandolo."

"Uwauze kuti ndamva. Ku Chileka sindipita. Nyali ndigula ndekha, iwo andibwereke ngolo tsiku limene galimoto ili kwa wokhoma zidebe."

"Uwauze kuti ngolo atenge, koma ng'ombe zanga sizimwa petulo, asakazithamangitse."

Bambo a mwana anaseka, amalumenso anaseka, mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira, ndipo amalume anati, "Taonani, nkhoswe yathu yatopa."

Ndinanyamuka naye kupita kuseri kwa nyumba ngati ndikukamutonthoza. Ndinakhala pansi pafupi ndi mtondo, ndinamupatsa bere, misozi ikugwera pamutu pake, kwinaku ndikuseka ndekha. Amayi anandipeza pomwepo. Anali atamva zonse kuchokera kwa akazi a amalume.

"Akuti unawayankha achimwene kukhola dzulo?"

"Eya, amayi."

"Iweyo?"

"Ine ndemwe."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuona mlendo. Kenako anandilanda mwana, anamubereka okha, n'kunena kuti, "Ndiye dzuka ukatereke madzi a tambalayo. Amuna awiri aja adyera pamodzi lero, ndipo chiwindi ndi nthutumba usawapatse. Udye iweyo."