Msonkho umene alamu anati ubwerera

Galimoto yamagetsi ija ndinasayinira ndine, ndipo mpaka lero ndikaiona pakhomo mtima umawira.

Zinayambira patebulo la alamu anga, akulu awo a amuna anga, ku Evington. Iwo ali ndi nyumba yokhala ndi poimika galimoto, ali ndi kabizinesi konyamula anthu kupita nawo kubwalo la ndege, komanso ali ndi pakamwa. Tsiku limenelo anatiuza kuti ukagula galimoto yamagetsi pangongole, chiwongoladzanja amakuchotsera pa msonkho.

"Ine ndimakleyima, boma limandibwezera ndalamazo chaka chilichonse," anatero akutokosa m'mano. "Inu mukungowotcha ndalama pa petulo. Mlamu, changamukani, kuno ndi ku Mangalande."

Ndinafunsa ngati lamulolo limakhudzanso ife olembedwa ntchito, amene amatidula msonkho malipiro tisanawaone n'komwe. Amuna anga anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. Kwawoko mkulu akalankhula, ngakhale anene kuti mbuzi imauluka, onse amangoti indedi achimwene.

Dzina la amuna anga linali litaipa kale kumabanki chifukwa cha ngongole ya foni, choncho mapepala anabwera kwa ine. Apo n'kuti nditangosiya kugwira ntchito Loweruka kunyumba yosamalira okalamba. Ndinavutikira tsiku limenelo zaka zinayi. Mwana wanga wamkazi amasewera mpira wamanja, ndipo ndinali nditamulonjeza kuti ndiziima pambali pa bwalo ngati amayi a anzake. Ndinawauza amuna anga mosabisa kuti ndalama ya msonkhoyo ikapanda kubwera, Loweruka langa lapita. Anati mawu a akulu akoma akagonera, ine n'kusayina.

Ife timakhala ku Spinney Hill, nyumba zogundana, chitseko chotsegukira mumsewu. Potchajira palibe. Tinayesa kudutsitsa chingwe pazenera, koma bambo wachikulire woyandikana nafe anakodwa nacho akupita kumzikiti, ndipo sindinaonepo manyazi ngati amenewo. Tinayamba kutchaja kumalo olipira, kumene magetsi ake amadula koopsa.

Chaka cha msonkho chitatha mu Epulo, ndinaimbira ku ofesi ya msonkho pa nthawi yopuma. Mayi amene anayankha anali waulemu, bola akanakhala wamwano ndikanapeza womukalipira. Anati zimenezo n'za anthu odzilemba okha ntchito, amene galimoto ndi chida cha bizinesi yawo. Wongoikwera popita kuntchito ngati ine salandira ngakhale khobidi.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinawakakamiza amuna anga kuti tidzere ku Evington. Alamu anandimvetsera atatsamira mpando, miyendo ataitambasula.

"Aaa, mlamu, ine ndimanena za ife abizinesi," anatero. "Inu simunacheke kaye musanasayine?"

"Ndinafunsa patebulo lomweli, inuyo mukumva," ndinayankha.

"Ndiye mwabwera kudzandikwezera mawu m'nyumba mwanga?"

Amuna anga anaimirira kuti tizipita. Pakamwa anatsegula tili m'galimoto, kundiuza kuti ndawachotsa ulemu achimwene awo, ndipo ndikapepese. Sindinapepese ndipo sindidzapepesa. Alamu aja ndimadana nawo, ndikunena mosapsatira. Munthu wanamiza banja la mng'ono wake, sanachite ngakhale manyazi, mkazi wake n'kumatifunsanso ngati timwe tiyi.

Lolemba ndinapita kwa abwana kukapempha ntchito ya Loweruka yomwe ndinaikana ndekha. Anandipatsa akumwetulira, poti odzipereka tsiku limenelo amasowa. Masiku ano Loweruka lililonse ndimakwera basi m'mamawa kukasambitsa amayi a eni, galimoto itapita ndi amuna anga ku Evington, kumene amakatchaja kwa achimwene awo n'kumaonera limodzi mpira.

Mwana sanalire nditamuuza. Anangogwedeza mutu, n'kusiya kundiuza masiku a masewero. Sabata yatha anabweretsa fomu ya mpikisano wa ku Nottingham, yofuna dzina la kholo lomuperekeza. Ndinali nditawerengera kale zosinthana tsiku ndi mnzanga wakuntchito. Nditatenga cholembera ndinapeza mzerewo utadzaza, analembapo amayi a mnzake. Anandiuza m'Chingelezi chake chija kuti ndisavutike, anawapempha kale mwezi watha.